Liwu losayimba komanso losalankhula: mmene Pierrot lunaire ya Schoenberg inamangidwira

Usiku wa pa 16 Okutobala 1912, mu holo ya Choralion mumzinda wa Berlin, mayi wina wochita zisudzo, Albertine Zehme, anaima yekha pa siteji. Anthu asanu oliza zida pamodzi ndi mwini nyimbo, Arnold Schoenberg, anali kuseri kwa chotchinga, osaoneka. Mayiyo atatsegula pakamwa, omvera anasowa dzina la chimene ankamva. Sankayimba, komanso sankalankhula. Liwu lake linkagunda noti n'kuisiya pomwepo, kuterereka kutsika kapena kukwera, mawu ena n'kumatuluka monong'ona, ena mokalipa. Ena mwa omvera anaimba likhweru, ena anaseka, koma pomaliza ambiri anawomba m'manja. Nyimboyo inali Pierrot lunaire, ndiye kuti Pierrot wozunguzika ndi mwezi, ndipo kufikira lero akatswiri sanagwirizane za mmene liwu limeneli liyenera kutulukira.

Kusagwirizanaku ndiko kumene ndikufuna tikambirane, chifukwa ine ndikuona kuti mtima wa nyimboyi uli pamenepo. Schoenberg anaika munthu pamalo poti sangakhazikike, kenako anamuzinga ndi zida zoyenda mwadongosolo lokhwima zedi. Koma tiyambe ndi mmene ntchitoyi inabwerera.

Ganizo silinali la Schoenberg. Zehme, yemwe ankakhala ku Leipzig ndipo anali mkazi wa loya wopeza bwino, anali kale kuyenda m'mizinda kulakatula ndakatulo za Pierrot motsagana ndi piyano, nyimbo zake zolembedwa ndi Otto Vrieslander. Sizinamufike pamtima. Iye ankakhulupirira kuti liwu loyimba limamangidwa ndi udindo wokhala lokoma nthawi zonse, choncho pali zowawa zina ndi zoopsa zina zimene silinganene. Ankafuna ufulu wogwiritsa ntchito liwu lonse la munthu. Kumayambiriro kwa 1912 anapempha Schoenberg kuti amulembere nyimbo za liwu lolakatula ndi piyano, ndipo analonjeza kulipira. Schoenberg anali atangosamukira ku Berlin kuchoka ku Vienna chaka chapitacho, ndalama zikumuvuta. Atawerenga ndakatulozo anazikonda nthawi yomweyo. Anayamba kulemba pa 12 Malichi 1912, ndipo pofika pa 9 Julayi anali atamaliza. Ali mkati molemba anayamba kupempha zida zina, ichi chitabwera n'kufunanso china, ndipo Zehme ankavomera ngakhale zinkakweza mtengo wochitira konsati iliyonse. Mayiyu mbiri imakonda kumutchula mongodutsa, koma popanda kuuma mtima kwake ndi ndalama zake nyimboyi sikanakhalapo.

Ndakatulozo zinalembedwa m'Chifalansa ndi Albert Giraud wa ku Belgium, ndipo zinatuluka mu 1884 zilipo 50. Otto Erich Hartleben anazimasulira m'Chijeremani kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, ndipo Schoenberg anagwiritsa ntchito za Hartleben. Anasankhapo 21 n'kuzisanja mwa iye yekha m'zigawo zitatu, chilichonse ndakatulo 7. Ndakatulo iliyonse ili ndi mizere 13 m'ndime zitatu: inayi, inayi, isanu. Mizere iwiri yoyamba imabwereranso pa mzere wa 7 ndi wa 8, ndipo mzere woyamba umabweranso kachitatu kudzatseka. Giraud ankagwirizanitsa mamvekedwe a kumapeto kwa mizere. Hartleben anazisiya zimenezo koma kubwereza kuja anakusunga, ndipo mawu ake ndi akuthwa kuposa a mwini wake. Kubwereza kumeneku n'kofunika kwa womvera yemwe sadziwa Chijeremani: khutu limazindikira mzere umene unamveka kale, ndipo limapeza pogwira. Chodabwitsa n'chakuti Schoenberg nthawi zambiri sabwereza chuni pamene mawu akubwerezedwa. Mzere womwewo umabwera utavala zina, ndipo tanthauzo lake limakhala litasuntha.

Pierrot si munthu wa Giraud. Anachokera m'masewero oseketsa a ku Italy otchedwa commedia dell'arte, amene ankakhala ndi anthu omwewomwewo m'sewero lililonse: Harlequin wochenjera, Colombine namwali wokondedwa, nkhalamba yotopetsa, ndi wantchito wopusa amene ku France anadzatchedwa Pierrot. Mu zaka za m'ma 1800 ku Paris, katswiri wa sewero lopanda mawu Jean-Gaspard Deburau anamupatsa maonekedwe amene anthu akuwadziwa lero: nkhope yopakidwa zoyera mbee, malaya oyera otaya, osalankhula. Pofika kumapeto kwa zaka zimenezo alakatuli ndi ojambula anali atamutenga Pierrot kukhala chithunzi chawo chomwe: munthu wosungulumwa, wokanidwa ndi mkazi, wosekedwa ndi anthu amene akuwasangalatsa. Choncho mu ndakatulozi muli anthu awiri amene amalowerana. Pena akulankhula ndi mlakatuli, akuti "ine". Pena tikuuzidwa za Pierrot ngati munthu wina. Ndipo amene akutulutsa mawu onsewa pa siteji nthawi zambiri ndi mkazi. Womvera sadziwa bwinobwino amene ali kuseri kwa nkhope yoyerayo, ndipo liwu losakhazikika lija limagwirizana ndi zimenezi.

Kamtanda pa noti

M'buku la nyimboyi, gawo la liwu linalembedwa pa mizere isanu ngati nyimbo ina iliyonse, manoti ake enieni, koma pa kamwendo ka noti iliyonse pali kamtanda kooneka ngati x. Kayimbidwe kameneka Ajeremani amakatcha Sprechstimme, liwu lolankhula. M'mawu oyamba a bukuli, lomwe kampani ya Universal Edition inasindikiza mu 1914, Schoenberg anafotokoza zimene ankafuna. Kutalika kwa noti iliyonse kusungidwe ndendende ngati munthu akuyimba. Kusiyana kuli apa: woyimba akafika pa noti amaigwira osasuntha, pamene wolankhula amangoikhudza n'kuisiya nthawi yomweyo, kutsika kapena kukwera. Anachenjezanso mbali ziwiri. Wolakatula asagwere m'kalankhulidwe kokhala ngati akuyimba, komanso asalankhule ngati mmene anthu amachezera pakhomo. Chikhale kulankhula kumene kwalowa m'nyimbo n'kukhala mbali yake, koma kusakumbutse munthu za kuyimba.

Amene anamvapo amayi akubuma pa maliro ali ndi poyambira. Pobuma mawu amamveka, dzina la malemu limatchulidwa, liwu limayambira pamwamba n'kumatsetsereka, ndipo palibe anganene kuti mayiyo akuyimba kapena akungolankhula. Liwu la mu Pierrot lili m'dera lomwelo la pakati. Kusiyana kwake n'kwakuti apa kutsetsereka kulikonse kuli ndi poyambira polembedwa, ndipo kuyenera kugwera pa nthawi yake pamodzi ndi zida zisanu.

Vuto limayambira pomwepa. Manoti amene Schoenberg analemba amatambalala kupitirira ma okitevu awiri (okitevu ndi mtunda wochoka pa do kufika pa do wotsatira), kuyambira pansi pomwe alto amavutika kufika mpaka pamwamba pa soprano. Liwu lolankhula la munthu siliyenda mtunda wotere. Limakhala m'kadera kakang'ono, chakumunsi. Munthu akafuna kugunda noti yapamwamba molondola, kholingo lake limasintha lokha n'kuyamba kuyimba. Akakana kuyimba, notiyo saifika. Ndiye wolakatula aliyense amayenera kusankha chimene ataye: manoti kapena kulankhula. Pierre Boulez, wolemba nyimbo wa ku France amene anatsogolera nyimboyi kambirimbiri, analemba poyera kuti malangizo a Schoenberg ali ndi kutsutsana kumene sikungathetsedwe kwathunthu.

Wina akhoza kunena kuti basi, manotiwo ndi chilozero chabe, chofunika ndi kukwera ndi kutsika. Koma kanyimbo ka 17, Parodie, kamatsutsa zimenezo. M'menemo viyola, chida chokulirapo pang'ono kuposa vayolini, imayamba chuni, liwu n'kumaitsatira pambuyo noti ndi noti, monga zimakhalira kwaya ikagawana nyimbo imodzi, gulu lina kuyamba lina kulowa mochedwa. Ngati wolakatula sagunda manoti, kutsatizanaku sikumveka, ndipo nthabwala yonse ya kanyimboko, komwe mwezi ukunyogodola nkhalamba yachikazi yodikira Pierrot, imafa. Kumbali ina, mu 1940 ku Los Angeles Schoenberg mwiniwake anatsogolera kujambula kwa nyimboyi ndi wolakatula Erika Stiedry-Wagner, ndipo mayiyu m'malo ambiri ali kutali ndi manoti olembedwa. Mwini nyimbo anavomereza. Ndiye buku likunena china, chimbale cha mwini buku chikunena china.

Kalankhulidwe kotsagana ndi zida sikanayambe ndi Schoenberg. Georg Benda analemba masewero otere m'zaka za m'ma 1770, Beethoven anaika kachigawo kolankhula pamwamba pa zida mu opera yake Fidelio, ndipo Richard Strauss analemba Enoch Arden ya wolakatula ndi piyano mu 1897. Chaka chomwecho Engelbert Humperdinck, mu Königskinder, anayesa kulemba manoti a liwu lolankhula. Palinso gwero lina losalemekezeka kwenikweni. Mu 1901 Schoenberg anagwirako ntchito ku Überbrettl, malo a zisangalalo za usiku ku Berlin kumene oyimba ankatafuna mawu, theka kuyimba theka kunena, pofuna kuseketsa kapena kubaya. Fungo la malo amenewo lili mu Pierrot, ndipo Schoenberg ananenapo kuti nyimboyi anailinga kuti ikhale yopepuka ndi yonyogodola. Oichita ngati mwambo wa chisoni kuyambira poyamba mpaka pomaliza amataya theka lake.

Kopanda do

Chinthu chachiwiri chimene chimadodometsa womva koyamba ndi chakuti nyimboyi ilibe kiyi. Aliyense amene anayimbapo kwaya amadziwa mphamvu ya do: nyimbo imachokapo, imayendayenda, koma khutu limadziwa kuti ibwerera, ndipo ikafika aliyense amapuma. Nyimbo za ku Ulaya zinayenda motero kwa zaka mazana angapo. M'zaka za m'ma 1800, makamaka kuchokera kwa Richard Wagner, olemba nyimbo anayamba kuchedwetsa kubwererako, kuzungulira kutali mpaka do n'kumaiwalika. Cha m'ma 1908 Schoenberg anangosiyiratu kubwerera. Manoti onse 12 a mu okitevu anakhala ofanana ulemu, ndipo manoti owombana sankafunikanso kutsatiridwa ndi ogwirizana kuti khutu likhazikike.

Pano pali chisokonezo chofala chimene chiyenera kukonzedwa. Schoenberg amadziwika ndi njira yolembera ya manoti 12 oikidwa mumndandanda umodzi, koma njira imeneyo anaikhazikitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Pierrot inalembedwa zaka pafupifupi 10 izi zisanachitike. Mu 1912 analibe lamulo latsopano lolowa m'malo mwa kiyi. Anali ndi khutu lake, ndakatulo, ndi luso lakale limene analidziwa bwino kwambiri monga mphunzitsi. Buku lake lalikulu la kagwirizanidwe ka manoti, Harmonielehre, linali litangotuluka mu 1911. Funso limene linkamuvuta linali lakuti: kiyi ikachoka, n'chiyani chigwire nyimbo kuti isamwazike? Yankho lina linali kulemba tinyimbo tifupitifupi totsamira pa mawu. Pierrot yonse imatenga mphindi 35 kapena 40, ndipo tinyimbo tambiri sitifika mphindi ziwiri. Yankho lina linali kutenga kagulu ka manoti ochepa n'kumangira kanyimbo konse pa iko. Lachitatu linali zida.

Oliza ndi asanu koma zida ndi 8. Woliza chitoliro amalizanso pikolo, kachitoliro kakang'ono kolira mokwera. Wa kilarineti amagwiranso kilarineti yaikulu ya besi. Wa vayolini amasinthira ku viyola. Otsalawo ndi chelo, chida chachikulu cha mtundu wa vayolini, ndi piyano. Schoenberg amasintha kasakanizidwe ka zidazi pafupifupi pa kanyimbo kalikonse, moti kalikonse kali ndi mtundu wake wa kamvekedwe, ndipo zida zonse 8 zimamveka m'kanyimbo kamodzi pomaliza penipeni. Panthawi imene Gustav Mahler ndi Strauss ankadzaza siteji ndi oliza oposa 100, ndipo Schoenberg yemweyo anali atangomaliza Gurre-Lieder yofuna khamu la anthu, kusankha anthu asanu kunali kutembenuka kwakukulu. Palibe chida chobisala kuseri kwa chinzake. Chilichonse chili ndi mzere wake, ndipo chimamveka.

Kuyenda m'zigawo zitatu

Chigawo choyamba ndi cha kuledzera ndi mwezi. Kanyimbo koyamba, Mondestrunken, kamanena za vinyo amene munthu amamwa ndi maso, amene mwezi umathira usiku. Piyano imayamba ndi manoti 7 otsika ngati madontho, kuwabwereza, vayolini ikulizidwa ndi chala pambali, ndipo kagulu ka manoti 7 kameneka kamabwera mosinthasintha m'malo ena a nyimbo yonse. Kanyimbo ka 4, konena za mwezi ngati mkazi wotumbuluka wochapa nsalu usiku, kali ndi langizo lodabwitsa: Schoenberg analemba kuti apa liwu limveke ngati likuperekeza zida, zidazo ndizo zili patsogolo. Chitoliro, kilarineti ndi vayolini zimalira motsitsa kwambiri, zolukana moti sudziwa chikulira pamwamba n'chiti. Chigawochi chimatha ndi Der kranke Mond, mwezi wodwala, pomwe patsala chitoliro chokha ndi liwu. Kwa ine apa ndi pamene munthu angamvetse bwino chimene Sprechstimme imachita. Chitoliro chimagwira noti iliyonse mokhazikika, liwu pambali pake limalephera kugwira, ndipo kudwala kumene ndakatulo ikunena kumamveka m'kusiyana kwa ziwirizi.

Chigawo chachiwiri ndi cha mdima, upandu ndi chilango. Chimayamba ndi Nacht, usiku, ndipo apa ndiyenera kuchedwapo. Ndakatulo ikuti agulugufe akuda, akuluakulu, apha kuwala kwa dzuwa, ndipo akutsika ndi mapiko olemera pa mitima ya anthu. Schoenberg anasankha zida zitatu zolira pansi: kilarineti ya besi, chelo, ndi piyano kumanzere kwake. Kanyimbo konse kamangidwa pa manoti atatu, E, G ndi E fulati: kukwera pang'ono, kenako kutsika kupitirira pomwe unayambira. Anakatcha passacaglia, dzina la mtundu wakale wa nyimbo wa m'nthawi ya Bach, momwe kachuni kamodzi kamabwerezedwa pansi zina zikusintha pamwamba. Koma apa manoti atatuwo sali pansi pokha. Ali paliponse. Chida china chimawaliza pang'onopang'ono, china mofulumira, china chimayambira pa noti yachiwiri ya chinzake n'kupanga atatu akeake, mpaka kamvekedwe konse kamadzaza ndi kanthu kamodzi kochulukana. Ndakatulo ikunena za khamu la zouluka zophimba kumwamba, ndipo nyimbo ikuchita zomwezo ndi manoti. Pakati pake pali malo amodzi pomwe Schoenberg analamula kuti liwu liyimbe zenizeni: pa liwu lotanthauza kukhala chete mobisa, wolakatula amatsikira pansi penipeni n'kuyimba manoti atatu omwe aja. Kwa kamphindi munthu uja wamezedwa ndi zida. Kuyimba, komwe m'nyimbo zina ndi chinthu wamba, apa kumaopsa chifukwa kwakhala kukukanidwa pafupifupi nthawi yonseyi.

Zotsatira zake ndi zoopsa motsatizana. Pierrot akupita ndi anzake kukaba miyala yofiira ya mtengo wapatali m'manda a mafumu, ndipo mantha akuwagwira. Mu Rote Messe akukwera pa guwa, kung'amba zovala za unsembe, n'kuonetsa anthu mtima wake wokha magazi m'malo mwa mkate wopatulika. Ndakatulo imeneyi ndi ya Madonna ya m'chigawo choyamba zinakhumudwitsa okhulupirira ena kuyambira pachiyambi, ndipo womvera wa lero amene zingamupweteke sakulakwa. Ine ndimaziwerenga ngati kulira kwa mlakatuli amene akuona kuti akudzipereka yense kwa anthu osamufuna, ndipo chinenero chokha chachikulu mokwanira chimene ali nacho ndi cha tchalitchi. Galgenlied, nyimbo ya pamtengo wonyongera, imathamanga n'kutha m'masekondi osafika 20. Mu Enthauptung, Pierrot akuona mwezi ngati lupanga lopindika likutsikira pakhosi pake, ndipo likagwa, zida zimabweretsanso chuni cha chitoliro cha mwezi wodwala uja popanda liwu lililonse, pakuti mwini liwu wadulidwa mutu. Chigawochi chimatsekedwa ndi Die Kreuze, yonena kuti ndakatulo ndi mitanda imene alakatuli amakhetserapo magazi.

Chigawo chachitatu chimafewa, ndipo nthabwala zimabwerera, ngakhale ndi nthabwala zankhanza. Pierrot akulakalaka kwawo ku Bergamo, ku Italy. Mu Gemeinheit akuboola dazi la nkhalamba Cassander, kuthiramo fodya, kulowetsa mpope wa mtengo kumbuyo n'kumasuta mwamtendere, pikolo ikulira ngati kukuwa kwa mwini mutu. Mu Serenade ndakatulo ikuti Pierrot akukwecha viyola ndi uta waukulu, koma Schoenberg anapereka chuni chokomacho kwa chelo, chida chachikulu kuposa chimene chatchulidwa, kuti kukula kopanda muyeso kuja kumveke.

Pakati pa izi pali kanyimbo ka 18, Der Mondfleck, banga la mwezi, kamene ophunzira nyimbo amakhala nako masiku ambiri ngakhale sikafika mphindi imodzi. Nkhani yake ndi yaing'ono. Pierrot watuluka madzulo atavala jekete lakuda kukafuna mwayi. Akumva kuti china chake sichili bwino, akudziyang'ana kumbuyo, n'kupeza banga loyera pamsana. Akuganiza kuti ndi laimu wa pakhoma. Akupukuta, akupukuta, mokwiya, mpaka m'mawa, koma silichoka chifukwa ndi kuwala kwa mwezi. Tsono tamvani zimene zida zikuchita. Pikolo ndi kilarineti zikuthamangitsana ndi chuni chimodzi. Vayolini ndi chelo zikuthamangitsana ndi china. Piyano yatenga chuni cha pikolo ndi kilarineti, n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono m'mizere itatu yolukana, mtundu wa nyimbo wotchedwa fuga. Pakati penipeni pa kanyimboko, pamene Pierrot wacheuka n'kuliona banga, zida zinayi zija zimatembenuka n'kuyamba kuliza zonse zimene zaliza chobwerera m'mbuyo, noti ndi noti, mpaka kukathera pomwe zinayambira. Piyano ndi liwu zokha ndizo zimapitirira kutsogolo.

Kodi khutu limamva zonsezi? Zoona zake, ayi, osati pa liwiro limenelo. Chimene limamva ndi piringupiringu wa munthu wotanganidwa pachabe. Pali amene amati luso losamveka ndi luso lotayika, ndipo funso lawo ndi lomveka. Koma taganizani chimene kubwerera m'mbuyo kukutanthauza pano. Munthu akupukuta chinthu chosapukutika. Zida zikufufuta zimene zalemba, mzere ndi mzere, ndipo zikamaliza zili pomwe zinayambira, palibe chasintha. Dongosolo lokhwima kwambiri m'nyimbo yonseyi laikidwa pa ntchito yopanda phindu kuposa zonse. Oliza amadziwa zimenezi m'zala zawo, ndipo kulimba kumene kumamveka m'kanyimboka kumachokera pamenepo, ngakhale womvera sangatchule chifukwa chake.

Kenako Pierrot akupalasa kubwerera kwawo, bwato lake duwa la pamadzi, chiwongolero chake cheza cha mwezi. Kanyimbo komaliza, O alter Duft, kakunena za fungo lakale la m'nthawi ya nthano. Apa manoti ogwirizana amabwera, ndipo kiyi ya E imayandikira kambirimbiri moti khutu limayamba kuyembekezera do. Sifika n'kukhazikika. Schoenberg akuonetsa kuti dziko lakale lija akulidziwa ndipo akulikonda, koma sakubwereramo.

Anthu amakondanso kuwerenga manambala a m'nyimboyi: ndakatulo 21 m'buku limene Schoenberg analipatsa nambala 21 pa ntchito zake, zigawo zitatu za 7, manoti 7 oyambira, anthu 7 pa siteji ukawerengera wotsogolera. Schoenberg ankakhulupiriradi manambala, ndipo ankaopa 13. Zimenezi n'zoona, koma sizithandiza khutu kwenikweni.

Zimene zinatsatira

Itangochitika ku Berlin, gululo linayenda nayo m'mizinda ya ku Germany ndi Austria, Schoenberg akusinthana kutsogolera ndi Hermann Scherchen, yemwe anali wachinyamata. Igor Stravinsky, wolemba nyimbo wa ku Russia, anaimva ku Berlin mu Disembala 1912. Nkhani ya Pierrot ndi mwezi anaiona ngati yachikale, koma kagwiritsidwe ntchito ka zida kanamugwira, ndipo atakalamba anaiika pakati penipeni pa nyimbo za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Maurice Ravel, atamva za iyo kwa Stravinsky, analemba mu 1913 nyimbo zitatu pa ndakatulo za Stéphane Mallarmé za liwu ndi kagulu kochepa ka zida. Ku New York inamveka koyamba mu 1923. Mu 1924 Giacomo Puccini, mfumu ya opera za chuni chokoma, anayenda ulendo kupita ku Florence kukaimvera, miyezi yochepa asanamwalire.

Cholowa chachikulu cha Pierrot mwina ndi kagulu ka zida kaja. Chitoliro, kilarineti, vayolini, chelo ndi piyano, nthawi zina kuwonjezapo ng'oma ndi zogogoda, zinasanduka gulu lokhazikika la nyimbo zatsopano, lotchedwa ndi dzina la Pierrot lomwelo, ndipo nyimbo zambirimbiri zalembedwera gulu lotere. Ku London mu 1967 Peter Maxwell Davies ndi Harrison Birtwistle anayambitsa gulu lotchedwa Pierrot Players, limene pambuyo pake linadzatchedwa Fires of London. Eight Songs for a Mad King ya Davies, ya mu 1969, imatenga liwu la munthu n'kulifikitsa pokuwa ndi polira. Le Marteau sans maître ya Boulez, ya mu 1955, imasinthanso zida pa gawo lililonse ndipo ili ndi gawo la liwu ndi chitoliro chokha. Ena anasankha njira yosavuta. Mu Façade ya William Walton, imene inachitika poyera ku London mu 1923, ndakatulo za Edith Sitwell zimanenedwa motsata kugunda kwa nyimbo basi, popanda manoti a liwu, choncho vuto la Schoenberg silibuka n'komwe. Ndi nyimbo yosangalatsa, koma liwu lake lili pabwino, silili pangozi.

Amene akufuna kudzimvera yekha kusiyana kwa mayankho angayerekeze zimbale. Boulez anajambula Pierrot katatu: ndi Helga Pilarczyk mu 1961, ndi Yvonne Minton mu 1977, ndi Christine Schäfer mu 1997. Minton amayimba pafupifupi noti iliyonse, ndipo zotsatira zake n'zokoma, kutsatizana kwa liwu ndi zida kumamveka bwino lomwe. Koma kwa ine akatero Nacht imataya mphamvu, chifukwa manoti atatu oyimbidwa aja sasiyananso ndi ena onse. Stiedry-Wagner ali kumapeto enawo: sewero lilipo lonse, manoti apita. Schäfer, komanso Jan DeGaetani wa ku America, amayenda pakati, kugunda noti n'kuisiya monga buku likunenera, ndipo munthu amamva kuvutika kwa kholingo limene likukanizidwa kuchita chimene likufuna. Kuvutika kumeneko ndikuona kuti n'kumene Schoenberg analemba, kaya ankadziwa kaya ayi kuti sikudzatheka kukuchotsa. Langizo langa kwa womva koyamba ndi lakuti awerenge tanthauzo la ndakatulo iliyonse asanaimvere, ndipo atenge chigawo chimodzi pa nthawi.

Schoenberg mwiniwake sanalisiye liwu lolankhula, koma anasintha kalembedwe kake. Wophunzira wake Alban Berg analigwiritsa ntchito mu opera Wozzeck ya mu 1925. Mu opera ya Schoenberg Moses und Aron, Aron amayimba mokoma pamene Moses, munthu wa lilime lolemera, amalankhula. Chipani cha Nazi chitatenga boma mu 1933, Schoenberg, yemwe anali Myuda, anachotsedwa ntchito ya uphunzitsi ku Berlin n'kupita ku America, komwe anamwalira ku Los Angeles mu 1951. M'nyimbo za kumeneko, Ode to Napoleon ya mu 1942 ndi A Survivor from Warsaw ya mu 1947, mizere isanu ija anaichotsa n'kusiya mzere umodzi wokha, manoti ali pamwamba kapena pansi pake kusonyeza kukwera ndi kutsika popanda kutchula noti yeniyeni. Mu A Survivor from Warsaw wolankhula ndi munthu wopulumuka amene akusimba m'Chingerezi mmene asilikali anamenyera Ayuda n'kuwalamula kuti adziwerenge okha asanawatengere kokaphedwa, mawu a sajeni akukuwa m'Chijeremani. Kuwerengako kukufulumira, amunawo amayamba kuyimba pamodzi pemphero la Chiheberi la Shema Yisrael, ndipo ndi malo okhawo m'nyimbo yonseyo pamene pali kuyimba. Inachitika koyamba ku Albuquerque, m'chigawo cha New Mexico, mu 1948.